Nyenyezi itaphulika, ku Neno kudalibe woyang'ana

Lamulungu pa 9 October 2022, nthawi itangopitirira pang'ono kota pasiti 3 masana, anthu ambiri kwathu ku Neno adali atabwerako ku tchalitchi. Ena adali pansi pa mitengo ya mango kuthawa dzuwa la October, ena ku bwalo la mpira. Palibe adamva kanthu. Koma pa mphindi yomweyo, kumwamba chakumpoto cha kummawa, kudafika kuwala kwamphamvu kuposa kulikonse kwa mtundu wake komwe makina a anthu adajambulapo.

Kudachokera kwa nyenyezi ina yaikulu kwambiri kuposa dzuwa lathuli. Itatha mphamvu, pakati pake padagumukira m'kati n'kusanduka chomwe asayansi amachitcha black hole, malo amene chilichonse chikalowamo sichitulukanso. Pakufa pake idalavula mikwingwirima iwiri ya moto, wina uku wina uko, ndipo umodzi udaloza kuno. Kuwalako kudayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni kuti kutipeze. Dzina lake ndi gamma ray, m'bale wake wa X-ray amene amatijambulira mafupa kuchipatala uja, koma uyu ndi waukali kwambiri. Maso sakuona, ndipo mpweya wozinga dziko lapansi umakutchinga kusanafike pansi. N'chifukwa chake palibe adavulala, ngakhale nkhuku.

Asayansi adatcha kuphulikaku GRB 221009A potengera tsiku lomwe kudachitika, ndipo ena mwa iwo adawerengera kuti kuwala koteroko kumafika kamodzi pa zaka pafupifupi 10 000. Makina a ku Chile, China, India, America ndi South Africa adakutsatira. Ife thambo lathu lidali loyang'ana komweko, koma m'dziko muno mudalibe chida chimodzi cholumikizidwa ku ntchitoyo.

Ndikudziwa chomwe wina akunena kale chamumtima: "Aise, nanga zimenezo tidya?" Ndifikako. Koma ndinene kaye maganizo anga osazungulira. Malawi akufunika telesikopu imodzi yaing'ono yodziyendetsa yokha, yolumikizidwa ndi anzathu akunja amene amasaka kuphulika kotereku, ndipo malo oyamba kuwayesa ngati angayenere akhale mapiri a ku Neno.

Kuti ganizoli lisaoneke ngati maloto a chumba, tione momwe ntchitoyi imayendera.

Kuphulika koyamba kudajambulidwa mwangozi pa 2 July 1967. Dziko la America lidali ndi masetilaiti otchedwa Vela, omwe ntchito yawo idali kuzonda ngati wina akuyesa mabomba a nyukiliya mobisa. M'malo mwa bomba adapeza kung'anima kochokera kutali kwambiri, ndipo nkhaniyi idasindikizidwa mu 1973. Kuchoka apo padapita zaka zoposa 20 anthu akungokangana kuti zinthuzi zikuchokera kuti. Vuto lidali liwiro. Kung'animako kumatenga masekondi ochepa kapena mphindi zingapo basi, kwina sikukwana n'komwe masekondi awiri, ndipo masetilaiti a nthawi imeneyo sankatha kuloza bwino malo ake. Zili ngati kumva mfuu usiku koma osadziwa nyumba yomwe yachokera.

Zidasintha pa 28 February 1997. Setilaiti ya dziko la Italy ndi Netherlands yotchedwa BeppoSAX idaloza malo molondola, ndipo pasanathe tsiku telesikopu ya pa chilumba cha La Palma idaona kadontho kakuwala kakuzilala pamalo omwewo. Aliyense amene adasonkhapo moto akumvetsa. Malawi a moto amazima msanga, koma makala amakhala akunyeka. Makala a nyenyezi amenewa amatha kuoneka kwa maola, masiku, mwina masabata, ndipo ndi amene amauza asayansi mtunda womwe kuphulikako kudachitikira komanso chomwe chidaphulika. Kungoti amazilala mwachangu, ndiye wochedwa amapeza phulusa.

Lero pali masetilaiti olondera usana ndi usiku. Swift ya bungwe la NASA, yomwe idakwera mu November 2004, idapangidwa kuti ikaona kung'anima izitembenuka yokha pa mphindi imodzi kapena ziwiri n'kuyang'anitsitsa pamalopo. Fermi idatsatira mu June 2008, ndipo mu 2024 mayiko a China ndi France adakweza yawo yotchedwa SVOM. Uthenga umatsika pansi m'masekondi ochepa n'kumwazidwa kudzera pa njira yotchedwa GCN, yomwe aliyense wofuna akhoza kulembetsa kwaulere. Matelesikopu ena safunanso kudzutsa munthu: kompyuta ikalandira uthenga, chida chimatembenuka chokha n'kuyamba kujambula.

Ngakhale zili choncho, setilaiti payokha imatha kusokonezeka. Tsiku lija la October, Fermi ndiyo idayamba kuona, koma kuwala kudachuluka mpaka zida zake zidalephera kuwerenga bwino. Swift idazindikira patatha pafupifupi ola, ndipo poona kuwala kwake akatswiri adayamba aganiza kuti ndi chinthu cha m'mlalang'amba wathu womwe uno. Adadzatsimikiza kuti n'chakutali zedi ndi a telesikopu yaikulu ya Very Large Telescope ku Chile. Kenako MeerKAT ya ku South Africa idali m'gulu la makina omwe adatsatira makalawo kudzera m'mafunde a wailesi. Wokuwa ali kumwamba, koma othamangira ali pansi, ndipo amafunika akhale ambiri, m'malo osiyanasiyana, chifukwa kwina kumakhala masana, kwina mitambo.

Apa ndiye pamandiwawa. Anzathu a m'chigawo chino ali kale m'gulu la othamangawo. MeerKAT ili ndi mbale 64 m'chipululu cha Karoo ndipo idatsegulidwa mu 2018. Ku Sutherland kuli telesikopu yaikulu ya SALT. Ku Namibia kuli H.E.S.S., yomwe mu August 2019 idatsatira kuphulika kwa GRB 190829A kwa mausiku atatu otsatizana. Ndipo pamene South Africa idapikisana kuti isunge makina aakulu a Square Kilometre Array, idatenga mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ngati abwenzi ake: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Werenganinso mndandandawo. Zambia ilipo. Mozambique, yomwe munthu wa kwa Dambe amalowamo wapansi, ilipo. Ife ayi. Achinyamata a m'mayiko amenewo akhala akuphunzitsidwa kudzera mu pulogalamu ya DARA, ena mpaka kukachita madigiri apamwamba kunja.

Mwina muti izo n'za mayiko a ndalama. MeerKAT inde. Koma tamvani izi. Mu July 2003, bambo wina wa ku South Africa dzina lake Berto Monard, amene zakuthambo ankangozichita mwa chidwi chake, adalandira uthenga wa kuphulika kwa GRB 030725. Adaloza telesikopu yake ya masentimita 30 kufupi ndi Pretoria n'kupeza makala aja akatswiri asanawapeze. Adali munthu wamba woyamba padziko lonse kuchita zimenezi. Ku Boyden, kufupi ndi Bloemfontein, yunivesite ya University College Dublin ya ku Ireland idaikako telesikopu yodziyendetsa ya masentimita 40 yotchedwa Watcher, yopangidwira ntchito yomweyi. Zida zonga za Monard sizingafike pa mtengo wa galimoto imodzi yapamwamba mwa zija timaziona zitandandalika ku Capital Hill. Ndipo pajatu Ireland ili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe komweko. Kugogoda pakhomo sikulipiritsa.

Nanga bwanji Neno?

Telesikopu imafuna zinthu ziwiri zomwe boma lathuli lili nazo mosafuna: malo okwera ndi mdima. Kumtunda kwa Dambe, m'mapiri a Kirk Range komwe kumachokera mbatatesi ndi tirigu, usiku wopanda mwezi mlalang'amba umaoneka ngati wina wamwaza ufa kumwamba. Ndidakula ndikuuona osadziwa kuti ndi chinthu chosowa. Nditapita ku koleji mumzinda ndi pomwe ndidazindikira kuti anzanga ena sadauonepo chibadwire.

Sindikufuna wina andimve molakwa. Mdima umenewo si ulemu kwa ife. N'zochititsa manyazi kuti magetsi a Nkula ndi Tedzani amapangidwa pa mtsinje wa Shire m'malire mwathu momwemu, mawaya n'kudutsa pamwamba pa midzi yogona mumdima kupita ku Blantyre ndi Lilongwe. Sindikunena kuti midzi ikhalebe yopanda magetsi kuti asayansi aone nyenyezi. Ayi ndithu. Magetsi abwere. Phiri limodzi lokha likhale ndi malamulo a kaikidwe ka mababu, oloza pansi osati kumwamba, monga amachitira m'madera ozungulira matelesikopu kwina konse. Zimenezi n'zosavuta kuzikonza pano, mababu asanachuluke.

Tsono ku funso lija la kudya. Mayi amene manachesi ake akuwolera m'mbali mwa msewu chifukwa galimoto zakanika kukwera matope ali ndi ufulu wondiseka. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza andale akhala akuulonjeza chisankho ndi chisankho. Neno idakhala boma palokha mu 2003, koma kufika pa boma nthawi ya dzinja ndi nkhondo. Wina atandiuza kuti ndisankhe pakati pa phula ndi telesikopu, ndisankha phula, osaganizanso kawiri. Koma kusankha kumeneko n'kwabodza. Ndalama ya telesikopu yaing'ono singamange ngakhale kilomita imodzi ya phula, ndipo thumba la kafukufuku ndi thumba la misewu ndi osiyana. Msewuwo sudachedwe chifukwa cha nyenyezi.

Phindu lenileni, tinene zoona, silili m'nyenyezimo kwenikweni. Lili mwa mwana amene adzasamale chidacho. Kuti telesikopu idziyendetse yokha pa phiri pamafunika wodziwa magetsi a dzuwa ndi mabatire, wodziwa kulumikiza intaneti, wolemba mapulogalamu a kompyuta, wodziwa kusanthula zithunzi ndi manambala ochuluka. Ophunzira a physics ku UNIMA ku Zomba, a uinjiniya ku MUBAS ndi a ku MUST ku Thyolo angaphunzire zonsezi pa chida chenicheni chomwe chikawonongeka dziko lonse limadziwa kuti Malawi sadayankhe. Luso lomwelo ndi lomwe limafunika poyendetsa makina ochenjeza za madzi osefukira. Titadutsa mu Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, sitikufunikanso wotiuza kuti chenjezo lofika popanda wokonzeka kuthamanga limangokhala phokoso.

Komanso ku Neno nkhani yotsatira chinthu mpaka pamapeto si yachilendo. Chiyambire 2007, a Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akugwira ntchito ndi boma kuno, ndipo msana wa ntchito yawo ndi anthu a m'midzi momwemo amene amayendera odwala khomo ndi khomo. Chipatala chimapeza matenda, koma amene amaonetsetsa kuti mankhwala akumwedwa ndi woyendera uja.

Pali zovuta zomwe sindingazibise. Kuyambira November mpaka April thambo limakhala la mitambo. Nyengo yozizira kumabwera chiperoni, ndipo mapiri ndi amene amayamba kufunda nkhungu. Pofika September ndi October utsi wa moto wolusa ndi wa mauvuni a makala umadzaza m'mwamba. Karoo ndi Namibia ndi zipululu, ife ayi, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti tingapikisane nawo. N'kuthekanso kuti Nyika kapena Dedza angapose Neno. N'chifukwa chake sindikupempha kuti mawa tigule telesikopu. Safunsa adadya phula. Ndikupempha bungwe la National Commission for Science and Technology pamodzi ndi yunivesite imodzi kuti aike kamera yaing'ono yoyang'ana kumwamba ndi kachida koyeza mdima pa denga la sukulu ya sekondale imodzi kumtunda kwa Neno, ziwerenge mausiku oyera kwa chaka chathunthu. Achitenso chimodzimodzi m'malo ena awiri. Manambala akatuluka, tidzakangane pa manambalawo.

Pali chida chinanso chotsika mtengo kwambiri chomwe sichisamala za mitambo. Kuphulika kwa October kuja kudali kwaukali mwakuti kudagwedeza mpweya wa kumtunda kwenikweni kwa dziko, umene mafunde ena a wailesi amagunda pobwerera pansi. Mawailesi apadera omvera mafunde otsika kwambiri adajambula kugwedezekako ku Ulaya, ndipo ku India zida zowerengera mphezi nazo zidakumva. Chida chotere ndi waya wokulungidwa pa thabwa, kabokosi ndi kompyuta, ndipo yunivesite ya Stanford ku America yakhala ikugawa zonga zimenezi m'sukulu za m'mayiko osiyanasiyana kuti ana aziyezera kuphulika kwa padzuwa. Mdani wake wamkulu ndi phokoso la mawaya a magetsi ndi majenereta, ndiye chimamva bwino kumudzi kusiyana ndi ku Ndirande. Chikadakhalapo pa sukulu ina kwa Dambe Lamulungu lija, mwina mzere wa pa kompyuta ukadadumpha kota pasiti 3, ndipo Lolemba mphunzitsi wa physics akadakhala ndi chowaonetsa ana a Folomu 3.