Mkamwini wa ku Tokyo ndi ojambula a ku Tete

Achikulire mumzinda wa Tete akumukumbukirabe Xiconhoca. Kuyambira mu 1976, kamunthu kojambulaka kankatuluka m'magazini ya Tempo: lero kaledzera, mawa kakubisa katundu kuti kakweze mtengo, mkuja kakuwodzera mu ofesi anthu atandandalika pamzere. Kanachokera ku nthambi yofalitsa nkhani ya chipani cha Frelimo, ndipo ntchito yake inali kuloza chala mdani. Anthu ankaseka ndithu, koma uku akucheuka.

Ku Japan kunali nthabwala zina, zoseketsa munthu ndi za m'nyumba mwake momwe. Mwini wake anali mayi Machiko Hasegawa, amene anabadwa mu 1920. Mu Epulo 1946, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, chakudya chili cha mpimo, mayiwa anayamba kujambula Sazae-san mu nyuzipepala ina ya ku Fukuoka. Nkhani iliyonse inkathera m'timabokosi tinayi basi, totsetsereka kuchokera pamwamba. Koyamba kutchera msampha, kachinayi kufwamphula.

Sazae ndi mayi wa pakamwa, wopupuluma, wosadziwa kunyenga mawu. Mwamuna wake Masuo amakhala kwa apongozi, zomwe Mchewa aliyense angazitchule msanga kuti chikamwini. Ku Japan mwambo unkafuna kuti mkazi ndiye atsate mwamuna, choncho kumuona Masuo akuyenda monyang'ama pamaso pa apongozi ake aamuna, a Namihei, kunali kuthyola nthiti.

Mu 1949 nthabwalazi zinasamukira ku Asahi Shimbun, imodzi mwa nyuzipepala zikuluzikulu za dzikolo, ndipo zinakhalako mpaka 1974. Pa wailesi ya kanema ya Fuji, katuni yake inayamba mu 1969 ndipo ikuonetsedwabe Lamlungu madzulo.

Pankhani ya ndalama mayiwa sankagona. Iwo ndi achemwali awo anatsegula kampani yawoyawo, Shimaisha, n'kusindikiza okha mabuku 68 a Sazae-san. Kampani ina ya mabasi itapenta nkhope ya Sazae pa mabasi ake osapempha, nkhani inakafika kukhoti, ndipo mu 1976 mayiwa anapambana. Mu 1985 anatsegula nyumba yosungiramo zojambula ku Setagaya, mumzinda wa Tokyo. Anamwalira mu 1992, boma n'kuwapatsa ulemu wa People's Honour Award chaka chomwecho.

Nayenso Tete sakusowa zoseketsa zoti n'kujambula. Dzuwa la mu Okutobala lilipo, timagalimoto ta txopela tolimbirana njira pa mlatho wa Samora Machel tilipo, ndi mayi wa ku Moatize amene wayanika malaya oyera n'kuwaanula atadetsedwa ndi fumbi la malasha. Kutsidya kwa malire, Brian Hara anaseketsa Amalawi kwa zaka zambiri ndi katuni ya Pewani mu Malawi News, chifukwa nyuzipepala inamupatsa malo sabata ndi sabata.

Koma ojambula a ku Tete ntchito yawo ili pamakoma a malo ometera ndi a magolosale. Mnyamata amajambula mutu wometedwa bwino, mwini malo n'kumulipira kamodzi kokha. Pansi pa chithunzicho amalembapo mitengo ya kumeta, dzina lake osalembapo.