ZA M'GALAMAFONI: Kampani Imene Inayambira M'Ngolo

 Loweruka lapitali ndinalowa m'kasitolo ka zinthu zakale pa mseu wa Voortrekker kuno ku Maitland, ndipo pansi pa mulu wa mbale za galamafoni ndinapeza ya Sankomota. Inu amene munagonapo komboni imodzi ndi Abesutu dzina limeneli mulidziwa. Koma kodi amene anaijambula mumdziwa?

Ku Johannesburg kunali anyamata awiri Acizungu, Lloyd Ross ndi Ivan Kadey, oimba nyimbo zija zaphokoso zochedwa punk ndi new wave, zimene zinabuka ku England ndi ku America ca m'ma 1976. Ross anali wa gitala m'gulu la Radio Rats la ku Springs, mudzi wa migodi umene ambiri a inu muudziwa. Kadey anali m'gulu la National Wake, m'mene akuda ndi oyera anali kuimbira pamodzi, cinthu cimene apolisi a masiku amenewo cinali kuwanyansa. Makampani akuruakuru sanafune kutayirapo ndarama zao pa nyimbo zotere. Tsono ca m'ma 1982 awiriwa anaika makina ojambulira mau m'kalavani, ndiyo ngolo yokhala ngati kanyumba yokokedwa ndi galimoto, nachula kampani yao Shifty, popeza inali yosamukasamuka.

Ine cimene cindikondweretsa ndi ici. Mwambo unali wakuti woimba apite yekha kwa eni makina m'tauni, cipewa ciri m'manja, nadikire pakhomo. Koma ngolo iri ndi mawilo. A Sankomota boma la nthawi imeneyo linawaletsa kulowa m'dziko muno. Pamenepo m'caka ca 1983 Ross anakoka ngolo yace kufikira ku Lesotho, najambula Frank Leepa ndi anzace kwao komweko. Pambuyo pace anajambulanso makwaya a anchito a m'mafakitale, a bungwe la FOSATU, anthu otuluka thukuta monga inu nomwe. Mnyamata woyamba ndi phokoso la ku England anatsiriza ndi kuchera khutu kwa anansi ace.

Koma malonda sanayende ai. Wailesi ya boma, SABC, nyimbo zambiri za Shifty inazikana, ndipo kumeneko nyimbo yoletsedwa anali kuikanda ndi cosongoka pa mbale pomwepo kuti muulutsi angaiike mwangozi. Warrick Sony, amene anaphunzira kuno ku Cape Town, anapanga mbale yace Own Affairs m'dzina la Kalahari Surfers m'caka ca 1984. Osindikiza a kuno anaopa mau ace, ndipo anakaisindikiza ku London kwa a Recommended Records. Ya Mzwakhe Mbuli, Change is Pain, ya 1986, boma linailetsa ndithu. Mbale yosamveka pa wailesi adzaigula ndani? Anthu anali kuuzana pakamwa, ndi kujambulirana pa makaseti, zimene sizinabweretse ngakhale kobiri kwa oimba kapena kwa eni ngolo.

Mbale ija ndinaigula, wa sitolo atanditsitsira mtengo cifukwa cikuto cace cinadyedwa ndi mphemvu. Pofika kunyumba ndipamene ndinakumbukira kuti galamafoni yanga singano inathyoka kale. Ndamva kuti mkulu wina wa kwathu ku Nkhata Bay ali nayo yamoyo ku Kensington, tsidya la njanji. Lamulungu likudzali ndidzamka komweko.