Penti Wodula Sapulumutsa Thabwa Lonyowa

Mu Seputembala 1960, wolemba mabuku John Steinbeck ananyamuka ku Sag Harbor m'chigawo cha New York pa pikapu ya GMC yosenza kanyumba kumbuyo, momwe munali bedi, chitofu ndi tebulo. Anatenga galu wake Charley n'kuzungulira dziko la America. Galimotoyo anaitcha Rocinante, ndipo lero ikusungidwa ku National Steinbeck Center mumzinda wa Salinas ku California. Kanyumba ka Steinbeck kanali kochita kuoda kufakitale. Koma ku America ndi ku Canada kuli anthu ambiri amene, poona kudula kwa tinyumba totere, amagula pulayiwudi, guluu ndi masikuluwu n'kukhoma okha kuseri kwa nyumba. Ntchito ikamafika kumapeto, mkangano umabuka pa chitini: ena amati penti wa maboti, ena penti wa galimoto, ena penti wamba wopaka kunja kwa nyumba.

Mkanganowu umadya nthawi ndi ndalama zambiri kuposa mmene uyenera. Kanyumba ka matabwa sikayamba kuwola pakati pa khoma pamene pentiyo wayala bwino. Kamayambira m'mphepete mwa pulayiwudi, m'mabowo a masikuluwu, m'makona a mawindo ndi molumikizira denga. Amene wagula chitini chodula kwambiri m'sitolo koma malo amenewa wawadumpha, wataya ndalama.

Thabwa, ngakhale louma chotani, silikhala phee. Kukakhala chinyezi limatupa, kukauma limanyala, ndipo limatero m'mimba mwake, osati m'litali. Thabwa la masentimita 30 m'lifupi limatha kusintha ndi mamilimita angapo pakati pa dzinja ndi chilimwe. Pa khoma la nyumba vuto limathera pomwepo. Pa galimoto pamawonjezeka zina: bodi imapotoka ikamadutsa m'maenje, timiyala timalasa kutsogolo, ndipo mvula yowomba pa liwiro la makilomita 100 pa ola imalowa m'timipata momwe mvula wamba singafike. Penti wa pamenepa ayenera kukhala wotha kutamuka limodzi ndi thabwa.

Apa m'pamene penti wa oyilo, amene anthu ambiri amamukhulupirira chifukwa cha kuwala kwake, amagwira mwala. Penti ameneyu amauma pogwirana ndi mpweya, ndipo kuumako sikulekera pa tsiku loyamba. Amapitirira kulimba chaka ndi chaka mpaka kufika pokhala wosachedwa kuthetheka. Thabwa likasuntha, iye amang'aluka. Madzi amalowera pamng'alupo, koma potulukira palibe, chifukwa malo ena onse ndi omatidwa. Kenako pentiyo amatukusira matuza n'kuyamba kumatuka, ndipo ukakanikiza chala pansi pake umapeza thabwa lafewa kale. Penti wa madzi wopangidwa ndi acrylic yekhayekha sawala choncho, komanso amatenga masabata kuti akhwime bwino, koma amakhalabe wofewa kwa zaka zambiri ndipo amalola chinyezi chochepa kutuluka. Asasokonezedwe ndi PVA wotchipa wopaka m'zipinda. Ameneyo panja sachedwa kusuluka.

Chachikulu chimachitika chitini chisanatsegulidwe n'komwe. Ku Madison m'chigawo cha Wisconsin kuli Forest Products Laboratory, malo ofufuzira za matabwa amene boma la America linatsegula mu 1910. Akatswiri akumeneko anaika matabwa osapenta padzuwa kwa nthawi zosiyanasiyana, kenako n'kuwapenta onse mofanana. Anapeza kuti pa matabwa amene anakhala panja masabata ochepa chabe penti sanagwire bwino, ndipo anayamba kumatuka msanga poyerekeza ndi amene anapentedwa asanawombedwe ndi dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumaphwanya lignin, chinthu chomwe chimamata tiulusi ta thabwa, motero penti amakhala wagwira tiulusi tomasuka kale. Wokhoma kanyumba Loweruka lokhalokha, amene chimango chake chimatha miyezi iwiri chili pabwalo, ayenera kukwecha ndi sandipepa mpaka afike pa thabwa latsopano asanapake andakoti. Ambiri ulesi umawagwira pamenepa, chifukwa ntchito ya sandipepa sionekera kwa anthu odutsa.

Ndiye pali kumapeto kwa thabwa, kumene sowo yadula. Kumeneko kuli ngati nzimbe yodulidwa: timibowo tonse tili poyera, ndipo timayamwa madzi mofulumira kwambiri kuposa pamwamba pa thabwa. Pulayiwudi ndiye imaposa, popeza magawo ake amagonekedwa mopingasana, choncho m'mphepete mwake monse muli mathero otere. Mmisiri wodziwa ntchito amapaka m'mphepetemo kawiri kapena katatu mpaka thabwa litaleka kumwa, ndipo amatero asanalumikize zidutswazo, chifukwa zikalumikizidwa burashi safikamonso. Bowo lililonse la sikuluwu amadonthezamo zomatira. Makona akuthwa amawakwecha kuti abulungike pang'ono, popeza penti amathawa pa ngodya yakuthwa n'kutsalapo wopyapyala.

Mtundu wa pulayiwudi nawo uli ndi mawu. Ya mtengo wa Douglas fir, yomwe ndi yofala kumadzulo kwa America, imadziwika ndi kutulutsa timing'alu tambirimbiri tomwe timaboola penti wa mtundu uliwonse. N'chifukwa chake ena amasankha ya MDO, yomwe pamwamba pake anamatapo pepala lonyikidwa m'mankhwala ndipo anthu olemba zikwangwani amaikonda, kapena ya maboti yopangidwa ndi mtengo wa okoume wochokera ku Gabon. Ndalama yowonjezera imapindula kwambiri apa kuposa pa chitini.

Okonda penti wa maboti ali nayo mfundo, ndipo siyofunika kuinyoza. Abale a banja la Gougeon, amene anayamba kukhoma maboti ku Bay City ku Michigan mu 1969, anatchukitsa njira yokuta thabwa ndi utomoni wotchedwa epoxy. Akayala nsalu ya fayibagalasi pa pulayiwudi n'kuinyowetsa ndi epoxy, thabwalo limatsekeka moti silitupanso kwenikweni, ndipo pamwamba potere penti wolimba wa polyurethane amakhala zaka zambiri akuwala. Njirayi ndi yapamwamba zedi. Koma ndi njira yathunthu, yosati n'kutolapo chitini chomaliza chokha. Epoxy payekha amawonongeka ndi dzuwa, choncho amafuna penti pamwamba. Penti wolimbayo payekha, pa thabwa losakutidwa, amang'aluka. Komanso polyurethane wosakaniza zitini ziwiri ali ndi mankhwala a isocyanate owononga mapapo, oti munthu asayerekeze kupopera m'galaja atangomanga kansalu pamphuno.

Amene thumba lawo ndi loperewera ali ndi njira yawo, yobwereka kwa okhoma mabwato akale okutidwa ndi chinsalu. Amamata chinsalu cha thonje pa pulayiwudi ndi guluu wosalowa madzi, n'kuchikhutitsa ndi penti wa acrylic kangapo. Maonekedwe ake ndi okhakhala, sangapambane mpikisano wa kukongola, koma chinsalucho chimaphimba molumikizira monse. Ndipo mwala ukalasa uli pa ulendo, kachigamba, burashi ndi kachitini ka m'sitolo ya hadiweya iliyonse zimathetsa nkhani madzulo amodzi. Pa galimoto yoyenda kutali, kukonzeka mosavuta n'kofunika kuposa kuwala.

Za mtundu sizifuna kutalikitsa. Woyera kapena wotuwira ndiye woyenera. Wakuda umatenthetsa khoma kwambiri, thabwa limanyala mofulumira, ndipo m'katimo simugoneka. Vanishi amaonetsa kukongola kwa thabwa, koma popeza dzuwa limadutsa, mwini wake akhale wokonzeka kubwereza pafupifupi chaka chilichonse.

Chinthu china chimene chimapangitsa kuti kuwerenga zolembedwa pa chitini kukhale nkhani ya moyo ndicho mtovu. America inaletsa penti wa m'nyumba wokhala ndi mtovu wambiri mu 1978, ndipo kuyambira 2009 malire ake ndi magawo 90 pa miliyoni, omwenso mabungwe a WHO ndi UNEP amalimbikitsa maiko onse. Wokonzanso kanyumba kakale ayenera kuyeza penti wake asanakweche, chifukwa fumbi lake limawononga ubongo wa ana. Nkhaniyi si ya ku America kokha. Bungwe la Lead Exposure Elimination Project, litangokhazikitsidwa mu 2020, linayeza penti wogulitsidwa m'Malawi n'kupeza mtovu wochuluka m'mitundu ingapo ya penti wa oyilo, zomwe zinachititsa a Malawi Bureau of Standards kulimbitsa kalondolondo wawo. Penti wachikasu ndi wofiira ndiye amakonda kukhala ndi mtovu wambiri, ndipo imeneyi ndi mitundu yomwe imakondedwa pa maboti a matabwa kunyanja, pa ngolo ndi pa zitseko za magolosale. Wogula afunse kaye ngati chitinicho chalembedwa kuti mulibe mtovu, ndipo pokwecha penti wakale anyowetse sandipepa, ana atawathamangitsira kutali.