Kabokosi komwe makina amakhulupirira osafunsa

Kuyambira pa 25 Novembala 2025, aliyense wosakwana zaka 18 sakuloledwanso kucheza momasuka ndi anthu ongopeka a pa Character.AI, pulogalamu ya m'dziko la America yomwe anthu pafupifupi 20 miliyoni amagwiritsa ntchito mwezi uliwonse. Kampaniyi idalengeza za chiletsochi pa 29 Okutobala, ndipo m'masabata apakatipo idayamba yachepetsa nthawi yocheza ya anawo kufika pa maola awiri patsiku. Malinga ndi kampaniyi, ana ndi ochepa pa pulogalamuyi, safika mmodzi mwa anthu 10 aliwonse. Komatu chiwerengero chimenechi chidachokera pa zaka zomwe anthuwo adalemba okha polembetsa. Apa ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa malonda onse a makina ochezerawa adamangidwa pa kukhulupirira zomwe munthu wanena za iye mwini.

Pa mapulogalamu a mtunduwu, monga Character.AI, Janitor AI ndi SillyTavern, macheza amakhala ngati sewero la anthu awiri. Mbali imodzi ndi ya makina, omwe amatenga malo a munthu wopeka: mfumu, dokotala, bwenzi, kapena ngwazi ya m'filimu. Mbiri ya munthu wopekayo imalembedwa ndi amene adamupanga. Mbali inayo ndi ya wogwiritsa ntchito, ndipo iyenso amapatsidwa kabokosi kolembamo kuti m'seweroli iye ndi ndani. Kabokosi kameneka ndi komwe eni mapulogalamuwa amati persona. Wina angalembemo kuti ndi msilikali wa zaka 30 wobwerera kunkhondo, wa chipsera patsaya, wosakonda zolankhulalankhula. Akatero, makina amamulonjera ngati msilikali, amamufunsa za chipseracho, ndipo salabadira kuti wagwira foniyo mwina ndi mwana wa Fomu 1.

Mphamvu ya kabokosika imamveka bwino munthu akadziwa momwe makinawa amagwirira ntchito. Makina a AI olemba mawu sakumbukira monga amachitira munthu. Nthawi iliyonse uthenga ukatumizidwa, pulogalamu imasonkhanitsa mtolo wa mawu: malamulo a kampani, mbiri ya munthu wopeka uja, persona ya wocheza, ndi mauthenga aposachedwa. Mtolowo umaperekedwa kwa makina, omwe amalosera mawu oyenera kutsatira. Kukula kwa mtolo kuli ndi malire, choncho macheza akatalika, mauthenga akale amagwa m'njira. Zomwe munthu adaulula Lolemba zikhoza kukhala zitayiwalika pofika Lachisanu. Koma persona siigwa, chifukwa imalowa mumtolo pa uthenga uliwonse. Mwana amene adalemba m'kabokosi kuti ali ndi zaka 25, kenako n'kutchula pakati pa macheza kuti aphunzitsi amupatsa chibalo kusukulu, amakhalabe wa zaka 25 kwa makinawo mawu a chibalo aja akangotsika kunsi.

N'chifukwa chake anthu ozolowera masewerawa amasamala kwambiri polemba persona, ndipo apanga luso lawolawo. Amalangizana kuti mbiriyo ikhale yaifupi, pakuti liwu lililonse limadya malo a mauthenga omwe makina akadakumbukira. Amati ndi bwino kulemba ngati ukufotokoza za munthu wina, osati kuyamba ndi "ine", kuopa kuti makina angasokoneze mbali n'kudzitengera okha makhalidwewo. Amachenjezananso kuti chilichonse cholembedwa m'kabokosimo makina amachikakamira. Wolemba kuti ali ndi maso ofiirira amatamidwa maso mpaka kutopa, ndipo wolemba kuti ndi wamanyazi amapeza makina akumuchititsa manyazi m'nkhani ngakhale pomwe iye amafuna kulimba mtima. Dandaulo lofala ndi loti makina amayamba kulankhula m'malo mwa munthu, kumupangira zochita ndi zoganiza potengera zomwe adalemba. Malangizo onsewa akutanthauza chinthu chimodzi: makina amatenga persona ngati choonadi chosatsutsika, ndipo amaikulitsa.

Kwa munthu wamkulu amene akudziwa kuti akusewera, palibe cholakwa. Olemba nkhani zopeka amayeseramo anthu a m'nkhani zawo, ophunzira zinenero amadziyesa alendo pamsika wa ku Paris, ndipo ena amayeserera mayeso ofunsira ntchito. Sewero ndi bodza logwirizana, ndipo lamulo loti aliyense azilemba zoona zokhazokha m'kabokosika lingaphe masewera onse. Ana a m'midzi ya kuno akhala akuchita masanje kuyambira kalekale, wina kukhala bambo, wina mayi, wina fisi, popanda aliyense kuwaimba mlandu wonama. Koma masanje amachitikira pabwalo, anthu akuona, ndipo dzuwa likapendeka amayi enieni amaitana, sewero n'kutha. Makina ochezera satopa, sagona, ndipo amene adawapanga amapindula munthu akakhalitsa.

Mlandu womwe udagwedeza Character.AI udachokera ku Orlando, m'chigawo cha Florida. Mnyamata wa zaka 14 adadzipha mu Febuluwale 2024 atacheza kwa miyezi pafupifupi 10 ndi makina omwe ankasewera ngati Daenerys Targaryen, mfumukazi ya m'filimu ya Game of Thrones. Mayi ake adasuma mu Okutobala chaka chomwecho. Zikalata za mlanduwo zikusonyeza kuti mnyamatayo ankacheza pogwiritsa ntchito maina opeka a m'dziko la filimuyo, lina mwa iwo Daenero, ndipo macheza ena adali achikondi ndi ogonana. Zikusonyezanso kuti adauzapo makinawo za maganizo ofuna kudzipha. Macheza omaliza adali onena za kubwerera kwawo kwa mfumukaziyo, ndipo makinawo adamulimbikitsa kuti abwere msanga. M'sewero, amenewo ndi mawu achikondi wamba. Kunja kwa sewero adali ndi tanthauzo lina, lomwe makinawo sadalizindikire.

Apa pakuoneka mbali yachiwiri ya vutoli, yomwe ndi yovuta kuposa ya zaka. Persona imabisa mwana kuti aoneke wamkulu, koma imachititsanso kuti choonadi chioneke ngati sewero. Munthu wosweka mtima amapepukidwa kunena zakukhosi atavala dzina lina. Akatero, makina amayenera kusankha ngati mawu oti "ndatopa ndi moyo" ndi a msilikali wopeka uja, ofunika kuyankhidwa mogwirizana ndi nkhani, kapena ndi a munthu weniweni wofunika thandizo usiku womwewo. Malangizo omwe makinawa amapatsidwa nthawi zambiri amawauza kuti asatuluke m'sewero, chifukwa ocheza amakwiya nkhani ikadulidwa ndi machenjezo. Chomwe chimakometsa malondawa ndi chomwechonso chimatseka makutu a makina.

Kampaniyi idapempha khoti kuti lithetse mlanduwo ponena kuti mawu a makina ake ndi otetezedwa ndi ufulu wolankhula wa m'malamulo aakulu a dziko la America. Mu Meyi 2025, woweruza Anne Conway adakana, nati pa gawo lomwe mlandu udafika sadali wokonzeka kuvomereza kuti zotuluka m'makinawo ndi kulankhula kotetezedwa. Adalola kuti pulogalamuyo iunikidwe ngati katundu wogulitsidwa, yemwe wopanga wake amayankha mlandu akakhala ndi chilema. Kampani ya Google nayo idatsala mumlanduwo. Omwe adayambitsa Character.AI mu 2021, Noam Shazeer ndi Daniel De Freitas, adachokera ku Google ndipo adabwererako mu Ogasiti 2024 pa mgwirizano womwe malipoti adati udali wa madola 2.7 biliyoni.

Kuti anthu amamasukira makina si zachilendo. Mu 1966, Joseph Weizenbaum wa kusukulu ya ukachenjede ya MIT adapanga ELIZA, kapulogalamu kongobwezera munthu mawu ake omwe ngati funso. Iye adadabwa mlembi wake, yemwe ankadziwa bwino kuti ndi makina, atamupempha kuti atuluke m'chipindamo kuti acheze nako payekha. Chasintha lero ndi chakuti zonenedwazo zimasungidwa m'makompyuta a kampani yakutali.

Ambiri salemba za msilikali wopeka m'kabokosika. Amalemba za iwo eni: dzina lenileni, msinkhu, maonekedwe a thupi, matenda, mavuto a m'banja, ngakhale zilakolako zomwe sangauze mnzawo wapamtima, pofuna kuti makina awadziwe bwino. Mu Febuluwale 2024, bungwe la Mozilla lidaunika mapulogalamu 11 a macheza achikondi ndipo onse lidawapatsa chenjezo pa kasungidwe ka zinsinsi. Chaka chomwecho akuba a pa intaneti adathyola Muah.AI, n'kutulutsa maadiresi a imelo pafupifupi 1.9 miliyoni limodzi ndi zomwe eni ake adalembera makinawo. Ku Italy, bungwe loteteza zinsinsi za anthu lidaimitsa Replika mu Febuluwale 2023, mwa zina chifukwa chosowa njira yotsimikizira zaka, ndipo mu 2025 lidalipiritsa eni ake, kampani ya Luka, chindapusa cha mayuro 5 miliyoni.

Maboma ayamba kudzuka, ngakhale mochedwa. Mu Seputembala 2025, bungwe la boma la America loona za malonda, FTC, lidalamula makampani 7, kuphatikizapo Character Technologies, Meta, OpenAI ndi Snap, kuti afotokoze momwe amayezera kuopsa kwa makina awo kwa ana. Izi zidadza patangopita mwezi umodzi bungwe lofalitsa nkhani la Reuters litaulula kuti malamulo a m'kati mwa Meta ankalola makina ake kucheza zachikondi ndi ana, gawo lomwe kampaniyo idati yalichotsa. Mu Okutobala, bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, adasainira lamulo la SB 243, lomwe tsiku lake loyamba kugwira ntchito ndi 1 Januwale 2026. Lamuloli likufuna kuti makampani akhale ndi ndondomeko yothandizira wocheza amene watchula zodzipha, komanso kuti mwana azikumbutsidwa maola atatu aliwonse kuti apume ndipo kuti akucheza ndi makina. Koma mbali za ana zikukhudza wocheza yemwe kampani ikudziwa kuti ndi mwana. Kampani yosafunsa kwambiri siidziwa zambiri, ndipo lamulo lotere likhoza kupereka mphotho kwa wosafuna kudziwa.

Character.AI yati tsopano sidalira tsiku lobadwa lolembedwa lokha. Ikugwiritsa ntchito makina ena oyerekeza zaka za munthu potengera zochita zake pa pulogalamuyo, ndipo wokayikiridwa amatumizidwa kukatsimikizira kudzera ku kampani ina yoona ziphaso ndi nkhope. Dzina la kampani imeneyo, mwangozi chabe, ndi Persona. Njirayi ndi yolondola pa mfundo imodzi yaikulu: yalekanitsa munthu wa m'sewero ndi munthu wogwira foni. Kabokosi kaja kakhale ka nthano, ndipo zaka zenizeni zifufuzidwe kwina. Mtengo wake ndi wakuti munthu wamkulu amene makina amuyesa mwana ayenera kupereka nkhope kapena chiphaso chake kuti apitirize macheza omwe adawakonda chifukwa palibe amamudziwa. Ndipo anawo akhoza kungosamukira ku mapulogalamu ena osafunsa chilichonse, omwe ndi ambirimbiri.

Nkhaniyi siili kutali ndi kuno monga ikuonekera. Mu Epulo 2024, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe adali m'gulu la maiko oyamba kunja kwa America kulandira Meta AI, yomwe imapezeka mu WhatsApp ndi Facebook, ndipo makina otere amasewera mbali iliyonse munthu akawapempha. Njira zotsimikizira zaka zomwe zikupangidwa ku America zimaganiza kuti foni imodzi ndi ya munthu mmodzi. M'mabanja ambiri kuno, foni ya amayi ndi yomwe mwana amabwereka madzulo, ndipo akaunti yotsimikizidwa kuti ndi ya munthu wamkulu imatsegukira aliyense woigwira. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira pa zaka 16, pomwe malamulo aakulu a dziko lino, kuyambira mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Palinso nkhani ya chinenero. Zotchinga zomwe zimagwira mawu oopsa zimayesedwa kwambiri m'Chingerezi. Mu 2023, ofufuza a ku Brown University adapeza kuti mafunso oletsedwa, atawamasulira m'zinenero monga Chizulu, ankadutsa zotchinga za GPT-4 maulendo 79 pa 100 aliwonse. Makina asintha kuchokera nthawi imeneyo, koma wachinyamata wolemba zakukhosi m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, mophiphiritsa monga momwe anthu kuno amanenera za imfa, atavalanso dzina la m'sewero, ndi amene ali kutali kwambiri ndi zomwe makinawo adaphunzitsidwa kugwira.

Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira nkhanizi. Makampani omwe akusunga zolembedwa m'timabokosi timeneti ali kunja kwa dziko lino, ndipo madandaulo omwe awasuntha mpaka pano ndi ochokera m'makhoti a kwawo komweko ndi kwa oyang'anira a ku Ulaya.