Kompyuta siilowa mumgodi

Mu Johannesburg masiku ano mlatho umayamba wamangidwa pakompyuta. Mainjiniya amaujambula, amausenzetsa katundu wongoyerekeza, amauwombetsa mphepo yongoyerekeza, n'kuona pomwe ungathyoke. Luso limeneli ndi labwino ndipo lapulumutsa anthu ambiri. Chomwe ndikukana ndi chizolowezi chimene chabwera nalo: munthu akangoti "kompyuta yavomera", aliyense m'chipindamo amatseka pakamwa ngati kwalankhula mfumu.

Amene amalankhula chonchi aiwala komwe masamu odalirika a m'migodi ya dziko lino anachokera. Pa 21 Januwale 1960, mgodi wa malasha wa Coalbrook, pafupi ndi Sasolburg, unagumuka n'kukwirira anthu oposa 430, ambiri mwa iwo ochokera ku Lesotho ndi Mozambique. Mitembo yawo ili pansi pomwepo mpaka lero. Pokumba malasha amasiya zipilala zamalasha omwewo kuti zigwire denga. Ku Coalbrook zipilalazo zinachepa mphamvu, ndipo panalibe njira yotsimikizika yowerengera kuti chipilala chingasenze zochuluka bwanji. Mbali ina ya mgodiwo inali itagwa kale mu Disembala 1959, koma ntchito inapitirira.

Ngoziyi itachitika, Miklos Salamon ndi A. H. Munro anasonkhanitsa mbiri ya malo 125 a m'migodi ya malasha: 27 omwe anagumuka ndi 98 omwe anaima. Mu 1967 anatulutsa njira yowerengera mphamvu ya chipilala poona m'lifupi ndi msinkhu wake. Njirayo inakhulupirika chifukwa inachokera pa miyala yeniyeni yomwe inagwa ndi yomwe inakana kugwa. Masamu anatsatira nthaka.

Kompyuta ya lero imawerengera mwachangu kuposa mmene Salamon akanalotera, koma imadya zomwe waipatsa. Ukaiuza kuti mabawuti onse ndi omangidwa bwino, imakhulupirira. Siingapite kukagwedeza chitsulo n'kumva kuti chikulendewera.

Pa 14 Okutobala 2015, zitsulo zogwiriziza mlatho wa anthu oyenda pansi womwe unkamangidwa pa Grayston Drive zinagwera pa msewu wa M1. Anthu awiri anafa, 19 anavulala. Mlathowo unali woti uthandize anthu a ku Alexandra omwe amayenda wapansi kupita kuntchito ku Sandton. Chomwe chinagwa si mlatho wokongola wa pachithunzi uja, koma zitsulo zongoyembekezera zomwe zimachotsedwa ntchito ikatha. Pansi pa zitsulo zoterezi pamadutsa minibasi, ndipo pamwamba pake pamaima anthu.

Ena adzati kufunsa zambiri kumachedwetsa ntchito ndi kukweza mtengo. N'zoona, kuyeza chitsulo pamalo a ntchito kumadya ndalama kuposa kudina batani. Koma mtengo wa kusafunsa salipira wokhala muofesi. Agogo athu omwe anapita ku Joni kudzera mwa Wenela ankadziwa kuti denga likagwa, limapeza wogwira fosholo. Adzukulu awo lero ali pa masikafodi a ku Sandton ndi Midrand. Safunsa anadya phula, koma pano wosafunsa ndi wina, wodya phula ndi winanso.

Choncho pa chojambula chilichonse cha pakompyuta pafunsidwe mafunso atatu. Manambala omwe mwalowetsamo mwawayeza kuti? Zotsatira zake mwazifanizira ndi chinthu chenicheni chiti? Nanga ndani wapita kukaona kuti chomangidwa chikufanana ndi chojambulidwa? Bungwe la Engineering Council of South Africa limalembetsa anthu, osati mapulogalamu a pakompyuta, ndipo wosaina ndiye ayenera kuyankha.

Mmisiri wa pamalo a ntchito akanena kuti chitsulo ichi chikupendekeka, mawu ake ndi umboni womwe masamu akuusowa. Injiniya wanzeru amabwerera nawo pakompyuta n'kuwerengeranso. Ku Coalbrook denga linachenjeza kutatsala milungu itatu, ndipo anthu anatsitsidwabe pansi.