Nyanja ya Malawi Ndi Yathu Ifenso Akumtunda

Ife a ku Nambuma, Nsaru ndi Kabudula nyanja timaidziŵira m'mbale, usipa ukabwera pamsika. Ambiri timati nyanja ndi ya asodzi ndi azungu odzacheza. Ine ndikuti maganizo ameneŵa ngolakwa, ndipo umboni wake uli ku Mangochi, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum.

Pa chilumba cha Chios ku Greece anthu anakhazikitsa nyumba yotere kuti ana awo asaiŵale zombo za makolo awo. Nafenso tili ndi zathu zoyenera kukumbukira. Ku Mangochi kuli chifanizo cha mbali ina ya sitima ya Guendolen, ndipo mfuti yake ili pafupi ndi nsanja ya wotchi. M'chaka cha 1914 sitimayi inawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, nkhondo yaikulu yoyamba ya padziko lonse itangoyamba. Kulinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946.

Wina afunsa kuti, nanga ife akumtunda zikutikhudza bwanji? Anzanga, kale nyanja inali msewu. A Jumbe a ku Nkhotakota ankagula anthu ogwidwa m'midzi ya Acheŵa kumtunda kuno, n'kuwaolotsa nyanja pa zombo zamatanga kupita ku Kilwa. Ena mwa anthu amenewo anali abale a makolo athu, ndipo sanabwererenso. Ansembe a White Fathers oyamba anafikira kwa Mponda, m'mphepete mwa Shire, m'chaka cha 1889. Choncho ukapolo ndi Uthenga Wabwino zonse zinadzera pamadzi pomwepo. Munthu wa ku Namitete wosadziŵa nyanja sadziŵa theka la mbiri yake.

Ena amati ulendo wa ku Mangochi ndi wodula, ndipo ndalama n'zofunika pa fizi ndi feteleza. Zoona, sindikutsutsa. Koma timasonkha ndalama za mpira ndi zikondwerero osadandaula. Kodi kalasi imodzi pachaka singapite kukaona zimene timangoloŵeza m'buku la History pofuna kukhoza mayeso?

Komanso nthaŵi sikutidikira. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikutha, ndipo amisiri odziŵa kusema bwato akukalamba. Chitsulo cha sitima chikhoza kukhala zaka zambiri, koma nzeru za m'mutu mwa msodzi zimapita naye kumanda. Ophunzira akapita kumeneko asangoona mfuti yokha, akachezenso ndi asodzi achikulire, n'kulemba zimene amva.

Ndikupempha aBambo Rector, aphunzitsi ndi inu makolo athu kuti muganizirepo. Paja akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi.