Nyimbo nayo ndi thukuta la munthu



Kuno kwa Kuntumanji palibe amene sadziwa mtengo wa thukuta. Msodzi wa pa Chilwa amagona pa chimbowera masabata angapo, udzudzu ukumudya, kuti apeze matemba ndi milamba yokagulitsa. Mlimi wa mpunga amawerama m'matope kuyambira powokera mpaka pomweta. Munthu atabwera usiku n'kututa matemba amene mnzake wayanika, mudzi wonse ungadzuke n'kukuwa kuti wakuba. Komabe tsiku ndi tsiku timadzaza mafoni athu ndi nyimbo za eni ake popanda kupereka ngakhale tambala, mtima uli m'malo. Sabata ino tiyeni tidzifunse ngati chikumbumtima chathu sichinagone pa nkhani imeneyi.

Akuluakulu athu akukumbukira nthawi ya makaseti. Woimba ankajambula nyimbo zake n'kupita nazo kwa ogulitsa, monga sitolo ya O.G. Issa ku Limbe, ndipo kaseti iliyonse yogulidwa inkasiyako kangachepe m'thumba mwake. Kubera kunalipo, koma kaseti yokopera kwa inzake inkamveka mozilala, ndipo aliyense ankaizindikira. Makompyuta anasintha zonsezi. Nyimbo yosungidwa ngati MP3 imatenga malo ochepa, ndipo ngakhale muikopere kambirimbiri imamvekabe chimodzimodzi. Ku America kunabadwa Napster mu 1999, njira yogawirana nyimbo mwaulere pa intaneti, imene inatsekedwa mu 2001 itazengedwa milandu. Kwathu kuno mchitidwewu unafika kudzera m'timashopu tobena nyimbo pa misika, kenaka mamemore kadi, Bluetooth ndi WhatsApp. Mwini kompyuta amalandira ndalama, mwini foni amapita akuvina, koma amene anapeka nyimboyo, nalipira situdiyo ndi omuimbira zida, sapatsidwa kanthu.

Dziko lathu lili ndi malamulo pa nkhaniyi. Lamulo loteteza ntchito za aluso linakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA loyang'anira ufulu wa aluso linayamba mu 1992, ndipo mu 2016 lamulolo linalembedwanso kuti ligwirizane ndi nyengo ino. Lamulo latsopanoli linabweretsa kandalama kodulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo, kuti kazigawidwa kwa aluso. Koma kandalamako si chiphaso choti munthu atsegule malonda ogulitsa nyimbo za ena popanda chilolezo.

Ena amati: kodi woimba sapindula nyimbo yake ikafalikira? Taonani za agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Nyimbo yawo ya Linny Hoo, imene anaimbanso limodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, inabuka pa TikTok n'kuonedwa koposa ka 80 miliyoni pofika kumayambiriro kwa 2022. Achinyamata a maiko akutali ankaivina. Koma atolankhani atawayendera kwawo chaka chomwecho, anapeza nkhalamba ya zaka 92 yopanda n'foni yamakono yomwe yoti ionere kutchuka kwakeko. Kutchuka sikuphika nsima. Dzina limatha kuwoloka nyanja mwini wake akugona ndi njala.

Ena amati: ndife osauka, tilibe ndalama zogulira nyimbo. Mawu amenewa sitiwapeputsa. Tikudziwa mmene zinthu zimathinira kuno nyanja ikaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018. Koma ndalama ya bandulo timaipeza, ya kwa wobena nyimbo timaipezanso, ngakhale yotchajitsira foni siisowa. Choncho ndalama ikutuluka ndithu, kungoti ikudutsa pakhomo pa mwini ntchito n'kukagwera kwina. Komanso woimba wa ku Malawi si mwini chuma wa ku London kapena ku New York. Kawirikawiri ndi mmphawi mnzathu amene anagulitsa mbuzi kapena kukongola ndalama kuti alowe mu situdiyo.

Tisiyanitse zinthu bwino, kuti tisasenzetse anthu katundu wosayenera. Intaneti payokha si tchimo. Oimba ambiri masiku ano amaika okha nyimbo zawo poyera kuti aliyense atenge, n'cholinga choti anthu adzabwere kumene akukaimba. Kutenga chimene mwini wake wapereka si kuba. Ndi kulandira mphatso. Kumvera nyimbo pa tsamba la mwini wake pa YouTube, kapena pa Spotify imene inafika m'Malawi mu 2021, kulinso bwino, poti mwini nyimbo amatha kupezako kanthu. Cholakwa chili pamene woimba wanena kuti chimbale chake akugulitsa, ife n'kuchitenga kwa mnzathu n'kuchimwaza m'magulu a WhatsApp tsiku lomwelo. Cholakwa chachikulu koposa chili pa kugulitsa ntchito ya wina ngati yathu.

Mpingo umatiphunzitsa kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri silikamba za othyola nyumba okha. Limakhudzanso aliyense womana wantchito malipiro ake. Papa Leo XIII anatsindika zimenezi m'kalata ya Rerum Novarum mu 1891, ndipo Papa Yohane Paulo II anazibwereza mu Laborem Exercens mu 1981. Ntchito ya m'mutu ndi ya pakhosi nayo ndi ntchito. Kusaoneka kwa chobedwacho sikuchotsa mlandu, kumangopeputsa manyazi.

Ife Akatolika nkhaniyi ikutikhudza pafupi kwambiri. Gulu la Alleluya Band linabadwira pa parishi ku Balaka mu 1978, ndipo kumeneko kunachokera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anatisiya pa 30 June 2024. Nyimbo zambiri zimene dziko lino limanyadira zinaleredwa m'bwalo la tchalitchi. Lero makwaya athu amasonkha ndalama miyezi yambiri, amayi akugulitsa zitumbuwa, kuti ajambule chimbale chimodzi. Chikangotuluka, oyamba kuchigawa mwaulere ndife amene timagwada nawo pa Misa. Timadzitonthoza kuti nyimbo za Mulungu sizigulitsidwa. Zoona, chisomo sichigulidwa. Koma mwini situdiyo ndi mwini minibasi analipidwa ndi ndalama zenizeni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: kwaya ya kuno nayo idzafuna kujambula.

Nanga tichitenji? Woimba kapena kwaya ikatulutsa chimbale, tigule kwa eni ake. Airtel Money ndi Mpamba zinafupikitsa mtunda, moti ndalama imafika kwa mwini wake popanda kukwera njinga kupita ku Zomba. Ngati mmodzi sangathe, gulu la achinyamata kapena mphakati usonkhe n'kugula. Mnzathu akatipempha kuti timutumizire nyimbo yogulitsa, timuuze kumene ingagulidwe. Ndipo abale athu amene amadyera kubena nyimbo tisawanyoze, koma tiwalimbikitse kukapeza chilolezo ku COSOMA, kuti malonda awo akhale oyera.

Musanatenge nyimbo ina sabata ino, imani kaye ndi kudzifunsa: kodi mwini wake wandipatsa, kapena ndangotenga? Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, atipempherere kuti tikhale achilungamo ngakhale pamene palibe wotiona.